Khofi Wafika, Lendi Yakwera: Zomwe Ndimaona pa Brixton

Sitima ya Victoria line imathera pa Brixton. Ikaima pamenepo aliyense amatsika, ndipo chikhamu chonse chimakwera masitepe oyenda okha n'kukatulukira pa Brixton Road, pansi pa chizindikiro chija cha mkombero wofiira chomwe chili pa siteshoni iliyonse ya sitima zapansi pa nthaka mu London. Sitimazi anthu kuno amangoti Tube. Pakhomo pa siteshoniyi sipakhala zii. Mlaliki ali pa chimkuzamawu kuchenjeza za tsiku lomaliza, wina wayala tebulo la lubani ndi mafuta onunkhira, wina akupempha makobidi, mabasi ofiira ali mdipiti kulowera ku Streatham ndi ku Croydon. Ukakhotera kumanzere n'kuyenda pang'ono, wafika pa Electric Avenue, msewu wokhota wa msika womwe unamangidwa m'zaka za m'ma 1880 ndipo unali umodzi mwa misewu yamalonda yoyambirira kuikidwa magetsi mumzindawu.

Ine sindikhala ku Brixton. Ndimakhala chakumwera, kufupi ndi Croydon, komwe munthu wogwira ntchito yosamalira okalamba angathe kulipira lendi n'kutsala ndi kangachepe kotumiza kumudzi. Chimandibweretsa kuno ndi m'mimba. Ufa wa Iwisa wa ku South Africa ulipo, wophikira nsima yooneka ngati nsima. Chinangwa chilipo, chopakidwa phula kuti chisawole panjira. Pali zilazi, nthochi zophika, therere lobala, tsabola wofanana ndi kambuzi, bakayawo wouma gwa, ndi masamba omwe anzathu a ku Jamaica amati callaloo, omwe ukawayang'anitsitsa ndi bonongwe yemweyu. Kubutchala kuli mang'ina oduladula kale, nthumbwana, mitu ya mbuzi, ndi nkhuku zolimba zija zofuna kubwatitsa mpaka gasi kukudandaulitsa. Wogulitsa nsomba amakulozera tilapia yozizira, nawe mumtima umadziwa kuti si chambo, koma umagula.

Tsono pakati pa zonsezi, khomo ndi khomo, pamera malo omwera khofi. Ndimawalowa. Khofi wake ndi wabwino, ndipo sindinamizira kuti ndimamwa mokakamizidwa.

Amafanana modabwitsa. Kauntala ya matabwa osapala bwino dala, mababu olendewera opanda chovindikira, khoma la njerwa zosapaka pulasitala, timipando tolimba toti msana usazolowere. Makina a khofi ndi aakulu ngati injini, akufwenthera nthunzi. Mtsikana kapena mnyamata wa epuloni amakufunsa kuti ukufuna mkaka wanji, wa ng'ombe, wa oats kapena wa soya, kenako amathira mkakawo mopendeketsa kapu mpaka pamwamba patuluke chithunzi cha tsamba. Kapu yaing'ono ya khofi wa mkaka yemwe amati flat white imafika pafupifupi mapaundi anayi. Ambiri mwa malowa ndalama zogwirika salandira, umangogunditsa khadi kapena foni pa kamakina n'kumva kuti pi. Okhala pansi ambiri ali ndi laputopu ndi zomvera m'khutu, aliyense payekhapayekha, chete ngati m'chipinda cha mayeso. Kwathu tiyirumu ndi benchi limodzi, ketulo yakuda ndi mwaye, theka la buledi ndi wailesi, ndipo ukakhala pansi nkhani ya mnzako imasanduka yako. Kuno ukalankhulitsa wa pampando woyandikana nawe, amayamba wachotsa chomvera m'khutu chimodzi n'kukuyang'ana ngati wamuponda chala.

Nkhani ya khadiyo ingaoneke yaing'ono. Koma panja, mamita khumi okha kuchoka pa kauntalayo, msika wambiri umayenderabe ndalama zogwirika. Agogo achijamaika okoka katrole kawo ka ndiwo amawerenga makobidi m'kachikwama. Wolipidwa pamanja akatsuka mbale kapena kukolopa m'nyumba za anthu amayendanso ndi ndalama zogwirika. Palibe chikwangwani chowaletsa kulowa mu cafe, komanso palibe amene amadabwa kuti salowa.

Anthu akuda anachuluka bwanji ku Brixton? Nkhaniyo ikukhudzanso njanji zapansi pa nthaka. Pa 22 June 1948 sitima yapamadzi ya Empire Windrush inatsitsa pa doko la Tilbury anthu mazanamazana ochokera ku Jamaica ndi zilumba zina za Caribbean. Oposa 200 mwa iwo analibe kofikira, choncho boma linawagoneka m'ngalande zakuya zomwe zinakumbidwa pansi pa siteshoni ya Clapham South kuti anthu azibisalamo mabomba nthawi ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse. Ofesi yolembetsera ofuna ntchito yomwe inali pafupi inali pa Coldharbour Lane, ku Brixton. Derali linali ndi zinyumba zikuluzikulu zakale zomwe olemera anali atazithawa, zina zitaphwanyidwa ndi mabomba, ndipo eni ake ankazigawa zipindazipinda n'kumachititsa lendi. M'madera ambiri a London munthu wakuda ankamutsekera chitseko pamphuno. Kuno ankapeza chipinda. Mabanki sankawakongoza, ndiye ankasonkherana chipereganyu, chomwe iwo amati pardner, mpaka mmodzi akwanitse kugula nyumba, wina n'kutsatira. Mfundo imeneyi muisunge, chifukwa amene anagula nthawi imeneyo ndi amene nkhani ya lero yawayendera mosiyana ndi anzawo.

Siteshoni ya Tube inatsegulidwa pa 23 July 1971. Kuchoka pano kukafika pa Oxford Circus, pakatikati pa masitolo a London, sipatha mphindi 15, ndipo panjira umadutsa Victoria ndi Green Park, komwe kuli maofesi a boma ndi a makampani olemera. Masiku ano nthawi ya m'mawa ndi madzulo sitima imabwera masekondi 100 aliwonse. Popeza pano ndi poyambira, umapeza pokhala, chinthu chomwe wokwerera pa Stockwell amangochilota. Malo otere mumzinda ngati London ndi golide. Komabe kwa zaka pafupifupi 40 golideyo anangokhala, a ndalama osamutola. Anthu akamati khofi ndiye wabweretsa kusintha, kapena sitima ndiye yabweretsa, ine ndimafunsa kuti nanga zaka zonse zija sitimayo inkapita kuti?

Chinkatchinga chinali mantha. Kumayambiriro kwa April 1981 apolisi anachita chipikisheni chomwe anachitcha Swamp 81, n'kuimitsa ndi kusecha anthu oposa 900 m'masiku ochepa, ambiri mwa iwo anyamata akuda, pongowaganizira. Kuyambira pa 10 mpaka 12 April Brixton inayaka moto, makamaka cha ku Railton Road. Lipoti la woweruza Lord Scarman lomwe linatuluka kumapeto kwa chaka chomwecho linavomereza kuti umphawi, kusalidwa ndi kachitidwe ka apolisi ndi zomwe zinakoleza motowo. Mu September 1985 apolisi anawombera mayi Cherry Groce m'nyumba mwawo pofunafuna mwana wawo, n'kuwapundula moyo wonse, ndipo derali linayakanso. Mu 1995 zinabwerezanso Wayne Douglas atafera m'manja mwa apolisi. Mu April 1999 mzungu wodana ndi anthu akuda anatchera bomba la misomali pa Electric Avenue n'kuvulaza anthu ambirimbiri. Ankolo ena a kumpingo kwathu, omwe anafika mu London kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, amati ukauza woyendetsa takisi usiku kuti ukupita ku Brixton, ankangopukusa mutu n'kuyendetsa galimoto. Amanenanso kuti pofunsira ntchito, ena ankalemba keyala ya m'bale wa dera lina.

M'zaka zimenezo anthu sanasiye kukhala. Anatsegula mabutchala, masaluni, masitolo a nyimbo, matchalitchi m'zipinda zam'mwamba. Nelson Mandela atabwera ku Britain mu July 1996 anafika ku Brixton, ndipo khamu linadzaza misewu mpaka ena kukwera pamadenga. Amene anasunga malowa ali moto ndi anthu amenewa. Kungoti ambiri mwa iwo ankasunga malo a eni. Shopu inali ya lendi, benchi la mumsika la lendi, fulati ya khonsolo kapena ya landilodi.

Mantha atayamba kuzilala, mitengo ya nyumba ku Clapham ndi ku Islington inali itadutsa kale msinkhu wa achinyamata ophunzira ogwira ntchito m'maofesi. Anatenga mapu a Tube, n'kutsetsereka ndi chala pa mzere wabuluu uja mpaka pomwe wathera. Zoterezi si zachilendo mu London. Katswiri wa za chikhalidwe cha anthu Ruth Glass anazilemba kale mu 1964, ataona mabanja opeza bwino akugula tinyumba ta anthu aganyu m'madera ngati Islington, kutikonza, mpaka eni dera onse kutha, ndipo ndi iye anayambitsa dzina loti gentrification.

Pomwe munthu angaloze ndi chala kuti apa ndiye zinatembenukira ndi mumsika wofoleredwa wa Granville Arcade, womwe unamangidwa mu 1937 ndipo lero umatchedwa Brixton Village. Pofika 2008 mashopu ambiri mmenemo anali otseka, ndipo eni ake ankafuna kugwetsa mbali ina kuti amange nyumba zosanja. Anthu a m'derali anakana, anamenya nkhondo, ndipo mu 2010 boma linaika misika itatu, Brixton Village, Market Row ndi Reliance Arcade, pa mndandanda wa nyumba zotetezedwa, chifukwa cha mbiri yake pa moyo wa anthu ochokera ku Caribbean. Chakumapeto kwa 2009 kagulu kotchedwa Space Makers kanagwirizana ndi eni msika kuti mashopu 20 opanda anthu aperekedwe ulere kwa miyezi itatu kwa aliyense wokhala ndi maganizo abwino. Kunabwera ojambula, osoka, ogulitsa zovala zakale, ophika. Federation Coffee inatsegula mmenemo mu 2010. Honest Burgers inayambira mmenemo mu 2011 m'kachipinda kakang'ono, pomwe Franco Manca inali itayamba kale kuotcha pitsa mu Market Row mu 2008. Makampani awiri omalizawa lero ali ndi nthambi zambirimbiri m'dziko lonse la Britain.

Anthu amene anachita zimenezi sanali afiti. Msika unali kufa, iwo anaudzutsa. Paja amati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. Koma kalumoko katameta bwino, mwini msika anaona kuti kachipinda komwe dzana kanali kosowa wokafuna tsopano anthu akukalimbirana, ndipo lendi inayamba kukwera kwa onse, watsopano ndi wakale yemwe. Wogulitsa pitsa amatha kuthamangitsa mbale mazana usiku umodzi. Wogulitsa zilazi phindu lake ndi makobidi pa kilogalamu, ndipo makasitomala ake sangapirire mtengo ukakwera. Lamulo loteteza msika lija limateteza makoma, denga la magalasi ndi maonekedwe a khomo. Silinena kanthu za amene akugulitsa m'katimo. Choncho nyumba inatetezedwa chifukwa cha anthu a ku Caribbean, koma anthuwo sanatetezedwe.

Mu 2013 mu Brixton Village munatsegulidwa malo otchedwa Champagne + Fromage, ogulitsa vinyo wodula wa ku France ndi tchizi, ndipo tsiku lotsegulira kunja kunali zionetsero. Pa 25 April 2015 anthu zikwi anasonkhana pa bwalo la Windrush Square pa zionetsero za Reclaim Brixton, ndipo ena anaphwanya galasi la ofesi ya Foxtons, kampani yogulitsa ndi kuchititsa lendi nyumba. Manyuzipepala anakonda chithunzi cha galasilo. Nkhani yomwe inali itakwiyitsa anthu kwambiri chaka chimenecho inali ina.

Pamwamba pa Atlantic Road ndi Brixton Station Road pamadutsa njanji ya sitima wamba, yomangidwa pa zipilala za njerwa zokhota ngati uta. Pansi pa uta uliwonse pali shopu. Mu February 2015 Network Rail, kampani yoyang'anira njanji yomwe inali mwini wake, inauza amalonda a mmenemo kuti atuluke kuti ikonze, ndipo odzabwerera adzapeza lendi yokwera kwambiri. Munali sitolo ya zakudya ya banja lachipwitikizi, munali wogulitsa nsomba yemwe banja lake linakhalapo mibadwo ingapo, munali ogulitsa makapeti, nsalu ndi mawigi. Anthu anasaina zikalata, ojambula anapaka zithunzi pa zitseko zachitsulo, koma khonsolo ya Lambeth, yomwe imayang'anira Brixton, inavomereza mapulaniwo mu 2016. Mashopu anakhomedwa matabwa kwa nthawi yaitali, msewu wonse n'kuoneka ngati pagwa maliro. Ena anabwerera, ambiri ayi. Kenako mu 2018 Network Rail inalengeza kuti yagulitsa malo ake otere pafupifupi 5,200 ku England ndi Wales kwa makampani a Blackstone ndi Telereal Trillium pa mtengo wa mapaundi 1.46 biliyoni. Blackstone ndi kampani ya ku New York, imodzi mwa eni nyumba aakulu kwambiri padziko lonse. Tsono taganizirani mayi wogulitsa mawigi akukambirana za lendi ndi landilodi wotero.

Chaka chomwecho cha 2018 Brixton Village ndi Market Row zinagulidwa ndi Hondo Enterprises, kampani ya Taylor McWilliams wa ku Texas, pa mtengo wa mapaundi pafupifupi 37 miliyoni. Kumayambiriro kwa 2020 kampaniyi inapereka notisi kwa Nour Cash & Carry, golosale ya banja limodzi yomwe inali itakhala mu Market Row zaka zoposa 20, ponena kuti pamalopo pakufunika kuikapo zipangizo zamagetsi. Amene sanalowemo mu Nour sangamvetse chifukwa chomwe anthu anapsera mtima. Tinjira take ndi topanikiza moti awiri sapambanamo bwino, mashelefu afika kudenga, zonunkhiritsa ndiwo za mtundu uliwonse zili mmenemo, mpunga wa matumba, nyemba, mafuta, masamba otchipa kuposa a m'masupamaketi. Amagulamo Mnaijeriya, Mkolombiya, Mjamaika, Mmalawi, ngakhalenso ophika a malo odyera atsopano aja. Inali nthawi ya Covid-19, anthu ali m'nyumba, ndiye nkhondo inamenyedwera pa intaneti. McWilliams amaimbitsanso nyimbo m'madansi, ndipo tsiku lina akuimbitsa pa intaneti anthu analowerera atanyamula zikwangwani zoti Nour isachoke. Pofika June 2020 kampaniyo inagonja, Nour inapatsidwa mgwirizano wokhalabe mumsikamo. Chinsanja cha nyumba zosanjikizana 20 chomwe Hondo inkafuna kumanga pa Pope's Road, chomwe khonsolo inali itavomereza mu November 2020, chinakokedwakokedwa mpaka kampaniyo inachotsa pempho lake mu 2023.

Mu nkhani zonsezi wophika khofi sakuonekamo ngati wolamula. Nayenso ndi wa lendi. Ndinayamba kuwerengera tsiku lina nditakhala mu cafe ina cha ku Coldharbour Lane, nditagwira paketi ya khofi yomwe inali pa shelefu. Mapaketi amenewa amalembedwa ngati chiphaso: dziko, dera, kutalika kwa phiri, mtundu wa mbewu, mmene anatsukira, ndi zomwe lilime lako likuyenera kumva, kaya malalanje kaya chokoleti. Ambiri ndi a ku Ethiopia, Colombia, Kenya ndi Rwanda. Wa kwathu amapezeka mwa apo ndi apo, wa alimi ang'onoang'ono a m'mapiri a Misuku ku Chitipa kapena ku Phoka, omwe amagulitsa kudzera ku Mzuzu Coffee, ndipo ukamuona mtima umachita kudumpha. Koma mu kapu ija ya mapaundi anayi mumalowa magalamu pafupifupi 18 okha a khofi. Gawo la mlimi wa ku Misuku pamenepo ndi makobidi. Boma limatengapo msonkho wa VAT wa 20 peresenti. Zotsalazo ndi mkaka, magetsi, malipiro a antchito ndi lendi, ndipo lendi ndiyo siipuma. Ma cafe angapo omwe ndinkawadziwa anatseka, m'malo mwawo n'kulowa nthambi za makampani aakulu okhoza kulipira. Chaona mnzako chapita. Amene anatsegula njira uja nayenso amadzaona chikalata chomwe anaona wogulitsa nsomba.

Mtsikana wojambula tsamba pa mkaka uja nayenso sakhala pafupi. Ngati akhala ku Brixton ndiye kuti akugawana nyumba ndi anzake anayi, aliyense kachipinda kake, shelefu yake mu fuliji. Antchito a pa Ritzy, nyumba ya kanema yomwe yakhala pa Windrush Square kuyambira 1911, ananyanyala ntchito mu 2014 ndiponso m'zaka zotsatira pofuna malipiro oti munthu angakhalire moyo mu London. Amenewa ndi achinyamata omwewa omwe ukawaona pamsewu umati ndi obwera odzatilanda dera.

Izi sizikutanthauza kuti ndawakhululukira zonse. Chimandinyansa ndi kugulitsa khungu la dera popanda eni khungulo. Ukalowa malo ena umamva reggae ikulira pansipansi, pakhoma pali chithunzi chakale cha amayi achijamaika atavala zipewa za kutchalitchi, pa menyu pali nkhuku ya jerk yokwera mtengo kawiri kuposa ya pa kona, koma ukaponya maso mwa okhala pansi, wakuda ndiwe wekha ndi wotsuka mbale. Otsatsa nyumba amalemba kuti bwerani mudzakhale m'dera la moyo, la mitundu yonse, la msika wotchuka. Wogulayo akalowa, miyezi ingapo yokha wayamba kulembera khonsolo kudandaula za phokoso la nyimbo, utsi wa nyama yootcha, ndi madoda okhala pa kona. Anagula fulatiyo chifukwa cha zomwezo, koma ankazifuna ngati chithunzi, zopanda fungo ndi phokoso.

Palinso funso la pokhala. Munthu wopanda ndalama angakhale pati ku Brixton osauzidwa kuti agule kanthu? Windrush Square inakonzedwanso mu 2010, ndipo ndi yokongola. Pali Black Cultural Archives, nyumba yosungira mbiri ya anthu akuda a ku Britain, yomwe inatsegulidwa pamenepo mu 2014. Pali chikumbutso cha mayi Cherry Groce cha mu 2021. Koma mipando yambiri ya pabwaloli ndi ya munthu mmodzimmodzi, yokhomerera pansi, yoti sungaikoke kuti muyandikane ndipo sungagonepo. Wokonza anadziwa chomwe akuchita. Malo omwe atsala ndi laibulale yakale ya Tate ili pambali pakepo, yomwe masana imadzaza ndi okalamba owerenga nyuzipepala, ana asukulu ndi anthu odzaotha kutentha. Malo akale odyera aganyu, a tiyi wa m'kapu yaikulu, mazira ndi nyemba, omwe munthu ankakhalamo theka la tsiku ndi kapu imodzi mwini wake osadandaula, akuchepa chaka ndi chaka.

Koma nkhondo yeniyeni ili pa pogona, osati pa kapu. Lamulo la 1980 la boma la Margaret Thatcher linalola okhala m'nyumba za khonsolo kuzigula motchipa, ndipo makhonsolo sanamange zina zokwanira kulowa m'malo mwake. Zambiri mwa nyumbazo lero zili m'manja mwa malandilodi omwe amachititsa lendi pa mtengo wamsika. Panalinso nyumba zomwe khonsolo ya Lambeth inazisiya zitawonongeka m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, anthu n'kulowamo, kuzikonza ndi manja awo ndi kukhalamo zaka makumi. Mitengo itakwera khonsolo inazikumbukira. Mu July 2013 okhala m'mafulati a pa Rushcroft Road, kuseri kwa msika, anatulutsidwa apolisi ali pompo. Chaka chotsatira a ku Carlton Mansions pa Coldharbour Lane anatsatira. Khonsolo inkati ikufuna ndalama zokonzera nyumba zake zina, ndipo n'zoona kuti boma linali litaidula thumba. Zonsezo zingakhale zoona, koma wotulutsidwayo sapeza chipinda china m'dera lomwe ana ake akuphunzira.

Apa ndi pomwe a chipereganyu aja akubwereranso. Banja lomwe linagula nyumba yonse m'zaka za m'ma 1960 pa ndalama zochepa, lero lili ndi chuma chomwe agogo awo sanachilote. Ena anagulitsa n'kubwerera ku Jamaica kukamanga, ena anasamukira ku Norbury, Thornton Heath ndi Croydon n'kutsala ndi zosungira ana. Sindingawadzudzule. Ndikanakhala ine ndikanagulitsanso. Mnzawo wa tchalitchi chimodzi, wofika chaka chimodzi, wogwira ntchito imodzi ya mabasi kapena ya m'chipatala, yemwe anakhala pa lendi moyo wake wonse, sanapate kanthu pa kukwera konseku. Onse awiri achoka ku Brixton, wina ndi cheke, wina ndi notisi. Loweruka onse amakwera basi ya 109 kubwera kudzagula bakayawo ndi kumetetsa, ndipo Lamlungu amabweranso kudzapemphera, chifukwa tchalitchi sichinasamuke.

Ankolo aja ndinawafunsa tsiku lina tikuchokera kumapemphero ngati sakuopa kuti zomwezi zitipeza kwathu kuno. Anaseka. "Iwe, kuno kulibe Tube. Tiyamike Mulungu." Akunena zoona pang'ono. Mwa masiteshoni 272 a Tube, omwe ali kumwera kwa mtsinje wa Thames safika ngakhale 40, ndipo madera ambiri a kumwera amadalira mabasi ndi sitima wamba zomwe sizibwera pafupipafupi. Kuvutika kwa mayendedwe komwe timadandaula m'mawa uliwonse ndi komwenso kwatisungira lendi pansi. Ndi zomvetsa chisoni kuti munthu azipemphera kuti chitukuko chimulambalale, koma ndawamva anthu akupemphera choncho.

Ndipo omanga nyumba anaphunzira kuti safunikanso kudikira zaka 40, kapena kudikira ojambula ndi ophika khofi kuti awatsegulire njira. Masiteshoni awiri atsopano a Tube pa njanji ya Northern line, Nine Elms ndi Battersea Power Station, anatsegulidwa mu September 2021, ndipo ndalama zake zambiri zikuchokera kwa omanga ndi misonkho ya mabizinesi a m'dera lomwelo. Kumeneko sitima, zinsanja ndi ma cafe zinabwera pamodzi, pa pulani imodzi. Ku Elephant and Castle, komwe kumathera Bakerloo line, mafulati a khonsolo oposa 1,000 a Heygate Estate anagwetsedwa pakati pa 2011 ndi 2014, ndipo msika waukulu womwe unali likulu la anthu a ku Latin America unatsekedwa mu September 2020. Pali pulani yotalikitsa Bakerloo line kuchoka pamenepo, kutsata Old Kent Road mpaka ku Lewisham. Msewu umenewo ndi wa magalaja, mashopu a matayala, ndi matchalitchi a anzathu a ku West Africa opempherera m'nyumba zomwe kale zinali zosungira katundu. Ndalama zokumbira njanjiyo sizinapezeke mpaka pano, koma makampani anagula kale malo m'mbali mwa msewuwo, ndipo zinsanja zina zayamba kale kukwera.